Chitini cha Wotsuka Mbale

Fungo la kasitadi limandichititsa mseru mpaka lero. Adzukulu anga akaphika pa Khirisimasi ndimanyamula mpando kukakhala kuseri kwa nyumba, ndipo iwo amati agogo akuthawa chifukwa cha matenda awo a shuga. Sindiwatsutsa. Koma nyansi imeneyi ndi yakale kuposa matenda anga. Inayambira pa sinki ya hotela ina kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, kumene ndinkatsuka mbale m'zaka zija za chipani chimodzi.

Ndinabwera ku Livingstone kuchokera kum'mawa ndisakudziwa ngakhale kulemba dzina langa. Sukulu ndinaiyamba ndili ndi ndevu kale, ya madzulo, titakhala pa timadesiki ta ana mawondo ali kunja. Munthu wotero ntchito yake inali kusinki basi. Azungu odzaona mathithi anali atachepa masiku amenewo, poti kutsidya kwa mtsinje kunali nkhondo, ndipo hotela inkadalira masemina. Akuluakulu a boma ndi a chipani ankatsekeredwa m'chipinda chozizira kukambirana za kudzidalira ndi kudzimana, kenako n'kutuluka kudzadya. Ankadya m'mawa, asanafike masana ankamwa tiyi, masana ankadya, dzuwa likapendeka tiyi wina, madzulo n'kudyanso.

Kukhitchini kunali lamulo la zotsala. Silinalembedwe paliponse, koma tinkalisunga kuposa malamulo a kutchalitchi. Nyama yotsala m'miphika inali ya ophika. Zotsala m'mbale zazikulu zogawira, zimene mlendo sanazigwire, zinali za maweta, operekera chakudya aja. Alonda a pageti ankapatsidwa buledi wa dzulo kuti asamasuzumire m'zikwama za anthu. Ife a kusinki tinali pansi pa onse, ndipo gawo lathu linali zimene munthu wadya n'kusiya m'mbale yake. Tsono akuluakulu aja nyama sankasiya. Ankatafuna ndi mafupa omwe, n'kupukuta msuzi ndi buledi mpaka mbale kuwala. Chimene chinkawakanika mimba zitadzaza chinali chomalizira chija: pudini, keke, jele wonjenjemera, zipatso za m'chitini zosambira m'manyuchi, kasitadi wachikasu. Ankalawa kamodzi, n'kukankhira mbale kumbali, n'kuyatsa ndudu.

Ndinali ndi chitini changa chachikulu chimene kale munali jamu, ndipo ndinachimangira chogwirira cha waya. Zonse zinkalowa mmenemo pamodzi. Ndinkachotsa ndi chala zimene maso aona: phulusa la ndudu, timitengo totokosera m'mano, nthawi zina tsitsi. Pamwamba ndinkathira timibulu ta shuga tonyowa ndi tiyi wotayikira m'masosala. Pofika nthawi yoweruka zonse zinali zitasanduka phala limodzi lopanda dzina, looneka ngati matope a m'ngalande. Ndinkachikoleka pa handulo ya njinga. M'nyengo yotentha, pamene dzuwa la kuno limafewetsa phula pamsewu, chitini chinkafika kukomboni kwathu ku Libuyu chikuchita thovu m'mbali, ntchentche zikunditsata ngati ndanyamula galu wakufa.

Ndikamalemba izi m'kamwa mwanga mukudzaza malovu. Nthawi imeneyo ndinkayenda nacho modzitama.

Shuga anali atasowa m'masitolo. Munthu akaona mzere ankangoimapo, n'kumafunsa ali momwemo kuti kwabwera chiyani. Azimayi ankakankhana ali ndi ana kumbuyo chifukwa cha kapaketi kamodzi. Ngakhale zigolo, madzi a shuga aja amene ana amamwera buledi, zinasanduka za anthu olemera. Ndiye ine, wotsuka mbale, tsiku lililonse ndinkalowa m'komboni ndi chitini chodzaza zotsekemera. Anthu amene kale sankandiyankha moni anayamba kundiitana kuti ba hotela. Ankatumiza makapu kuti tiwagawireko. Palibe anafunsapo kuti zadutsa m'milomo ya yani.

Mkazi wanga ankagulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa ku Libuyu. Tinakwatirana kumudzi, ndipo tinali ndi mwana mmodzi wamkazi. Anali munthu wanthabwala, wa mawu apamwamba m'kwaya, amene ankatha kuseketsa wogula mpaka kuiwala kuti anabwera kudzanenerera mtengo. Analinso wosamala kwambiri. Ufa utayamba kuvuta, iye anapeza nzeru. Nsima ndi ndiwo ankaikira ine ndi mwana, iye n'kukokera chitini pambali.

"Idyani, atate ake mwana," ankatero. "Ine za azungu zandikwanira. Mwa anthu onse a m'Libuyu ndine ndekha ndimadya ngati nduna."

M'mawa ankapala chitini ndi supuni, n'kutsitsira tiyi wothira timibulu tija mpaka supuni kuima. Zotsala ankazikulunga kupita nazo kumsika, ndipo ndizo zinali nkhomaliro yake. Ufa wathu unkafika kumapeto kwa mwezi, ine n'kumathokoza Mulungu pondipatsa mkazi wanzeru. Ananenepa. Khosi linachita mizere, mikono inadzaza malaya. Kutchalitchi azimayi ankandigwira chanza n'kumati ndikudziwa kusunga mkazi, ndipo ine ndinkaweramitsa mutu ngati wamanyazi, mtima uli m'mwamba.

Sindikumbukira tsiku limene anayamba kusintha. Poyamba linali ludzu. Ankamwa madzi ngati ng'ombe yochokera kubusa, n'kumapita kuchimbudzi kosalekeza. Kenako kunabwera mkwiyo. Munthu amene ankaseka ndi aliyense anayamba kulalatira ogula chifukwa chotofinya tomato. Mwana akagwetsa kapu ankamukalipira mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, kenako n'kukhala pansi kulira kuti sakudziwa chimene chamugwira. Masana ankagona pathebulo lake pamsika, mbuzi n'kumadya katundu. Ankaiwala nyimbo zimene anaimba kuyambira utsikana. Tsiku lina anandiyang'ana n'kunena kuti nkhope yanga ili ngati ili kuseri kwa utsi, ndipo ine ndinaganiza kuti ndi chipongwe chatsopano.

Kwathu mkazi akakwiya sufunsa zambiri, umabwera ndi kanthu m'manja. Ine kanthu kanga kanali kamodzi komweko. Akalusa lero, mawa ndinkadzaza chitini mpaka chivindikiro kukana. Ndinkatsukira wophika makeke mathireyi ake kuti andisiyire zoyera za pamwamba pa keke zija, zimene ndi shuga yekhayekha. Ndikafika nazo ankadya mwaphuma, n'kufatsa, n'kundimwetulira. Ine n'kumati mankhwala ndawapeza. Pakapita kanthawi ankalemedwa ngati woledzera, ndipo akadzuka pamenepo mkwiyo unkabwera woposa wa dzulo. Ndinkaona zonsezi ndi maso angawa, tsiku ndi tsiku, koma sindinazilumikize. Ndinkangowonjezera muyeso.

Tinayandikana ndi mayi wina wachilozi, wamasiye, amene ankadziwa za nyumba iliyonse mumzere wathu. M'mawa wina anandiitana ndikupopa njinga.

"Ba neba, bwelani muone vamene vili kuseli kwanu."

Ndinapita. Pamalo pamene mkazi wanga ankatayira chidebe cha mkodzo panali nyerere zakuda bii, zopiringana ngati zapeza uchi.

"Ine nakula, ba neba, naona vambili," anatero mayiyo atagwira m'chiuno. "Koma nyelele zokonda mikozo ya muntu umozi chabe, sininaonepo. Pali muntu ku maliketi wamene sagona chifukwa cha bakazi banu. Banenepa maningi, bantu baona."

Pofika madzulo Libuyu yense anali atamva za nyerere. Anthu ankadutsa dala kuseri kwa nyumba yathu, ena atanyamula ana kuti nawonso aone. Kuyambira pamenepo aliyense anasanduka dokotala. Akulu a mpingo anati ndi chiwanda, ndipo anabwera kudzamupempherera atamugwira mutu, iye akupempha madzi, iwo n'kumati mwamva, chiwanda chikulankhula. Atamaliza anakhala pansi, ndipo tinawapatsa tiyi ndi za m'chitini. Ananyambita zala. Alangizi, azimayi achikulire a kwathu aja amene amaphunzitsa za ukwati, anati ndi mwano wa m'tauni. Anamutsekera m'chipinda tsiku lonse kumuphunzitsanso kugwada. Sing'anga wina anamutema mphini pamsana ndi lumo ladzimbiri, n'kumupatsa mizu yowawa kwambiri, ndipo anatilangiza kuti azimwera shuga wambiri kuti itsike. Mphini zija sizinapole msanga. Zinachita mafinya, malaya n'kumamatira pamsana.

Za chipatala palibe anatchulapo, ngakhale ine wa sukulu ya madzulo. Analibe malungo, sanathyoke fupa. Mkwiyo supita nawo kuchipatala. Za matenda a shuga tinkamva ndithu, koma tinkati ndi a azungu ndi a mabwana a ku Highlands, anthu a nyumba za mipanda ya maluwa amene amadya ndi mafoloko. Mkazi wogulitsa kapenta akanawatenga kuti? Sitinaganize kuti zimene mabwanawo ankalawa n'kusiya, iye ankadya zonse, za anthu a holo yathunthu, m'mimba mopanda china chilichonse.

Mkazi wanga anali ndi mlongo wake wamkulu amene ankagwira ntchito kunjanji konkuno. Iye ndiye anali nkhoswe ya ukwati wathu. Anabwera Lamlungu lina, anakana tiyi, n'kukhala pampando chipewa chili pabondo.

"Alamu," anatero, "mlongo wanga ndinakupatsani akuseka. Lero anthu kuntchito akundifunsa kuti uja wamisala wa pamsika ndi m'bale wako? Sindikuti mwamuchita chiyani. Koma akachitanso china pagulu ndimutenga, apite kumudzi. Ndi mwana yemwe. Mwana ndi wa kwathu, inu mukudziwa."

Ndinkadziwa. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo panalibe bwalo limene likanandimvera. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka ndi mantha amodzi okha, oti nyumba yanga idzatsala ndi ine ndekha.

Sipanapite nthawi, anyamata a chipani anayenda m'komboni kulengeza kuti kukubwera wamkulu wina kudzatsegula semina. Msika utsekedwa, aliyense akaime m'mbali mwa msewu wochokera kubwalo la ndege. Wosapita ankadziwa kuti thebulo lake pamsika alipeza lili ndi mwini wina. Ine ndinali wolowa masana, choncho nanenso anandiwerengera. Dzulo lake ndinakonzekera ngati munthu wopita kunkhondo. Kunali phwando kuhotela, ndipo ndinabwera ndi chitini chodzaza keke ndi manyuchi a zipatso. M'mawa ndinamukhazika pansi mkazi wanga.

"Amake mwana, lero idyani zonse. Musasiye. Ndikufuna mukakhale wofatsa."

"Sizikulowa," anatero. Panthawiyo anali atayamba kuonda, khungu la m'mikono likulendewera. "Zikunditsekemera mpaka m'maso."

"Idyani chifukwa cha mwana."

Anadya. Ndinaima pomwepo mpaka supuni inagunda pansi pa chitini.

Titafika kumeneko anyamata a chipani anatiimika amuna mbali ina ya msewu, akazi mbali inayo, atavala zitenje za chipani. Mthunzi panalibe. Azimayi ankaimba, kuleka, n'kuyambanso galimoto iliyonse ikaoneka patali, ngakhale lole ya makala. Dzuwa linakwera. Ndinkamuona mkazi wanga kutsidya, milomo itauma gwa, akusinthasintha miyendo. Woyang'anira mzere wawo anali mayi wamkulu wa chipani m'dera lathu, amene tonse tinkamutcha ba cheyaledi, ndipo kapu yake inali imodzi mwa zimene zinkabwera kwathu kawirikawiri. Ndinamva mkazi wanga akupempha.

"Ba cheyaledi, nipempako nipite kuseli pang'ono."

"Palibe kuchoka! Motoka ili pafupi."

Anapirira. Patapita kanthawi anapemphanso.

"Imwe ba tomato," anakuwa ba cheyaledi kuti onse amve, "ndimwe bakulu kuchila chipani? Imbani!"

Pamenepo chinthu chija chinamugwira. Anasiya chinyanja cha m'tauni n'kuyamba cha kumudzi, chimene amatukwanira mbuzi yolowa m'dimba.

"Iwe, chipani chakocho chilibe chikhodzodzo? Taona mano akowo, ngati chimanga chofumbwa! Kapu yako imagona pakhomo panga, lero ukundiuza kuti ndiimbe? Wamkulu wakoyo akafika umuuze adzandigwirire chidebe!"

Nyimbo inaduka. Ena anagwira pakamwa, ena anaseka. Kenako mkodzo unatsika m'miyendo yake n'kuyenda m'fumbi kulowera pamsewu, azimayi n'kumalumpha kuuthawa. Iye anamasula chitenje chonyowacho, chokhala ndi zizindikiro za chipani, n'kuchiponya paphula, n'kutsala ndi pitikoti. Anaima pamenepo akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu wodzuka kutulo m'nyumba yachilendo. Ine ndinali ndi kambendera m'manja, ndipo miyendo yanga inachedwa kuwoloka. Anayamba kufika ndi anyamata a chipani, akukuwa kuti watukwana boma. Amene anawaletsa ndi mlamu wanga, amene anatuluka mumzere wa anthu a kunjanji, n'kumufunditsa jekete lake, n'kunena mokweza kuti, "Musiyeni, ni wofunta, tonse tiziba." Mawu amenewo, oti ndi wamisala, ndiwo anamupulumutsa ku zibakera. Ndiwonso anamumaliza.

Wamkulu uja anadutsa patapita nthawi, magalasi a galimoto ali otseka. Masana omwewo ndinali pasinki, ndipo mbale za pathebulo lake zinabwera. Nyama inatha yonse. Pudini sanamukhudze n'komwe, anangozimitsirapo ndudu pakati. Dzanja langa linachotsa nduduyo n'kukokolera pudini m'chitini, lokha, osandifunsa.

Mlamu wanga anachita zimene ananena zija: mkazi wanga ndi mwana anakwera sitima sabata yomweyo. Pasiteshoni mkazi wanga sanalire ndipo sanakwiye. Anakhala pawindo atagwira botolo la madzi, akuyang'ana kumene kunalibe kanthu. Mwana ndiye ankandibayibitsa, akuganiza kuti akupita kukacheza. Ndinabwerera ku Libuyu ndekha. Madzulo ake ba cheyaledi anatumiza kapu.

Miyezi inadutsa. Ndinkapita kuntchito, kusukulu, n'kubwera kudzakhala m'nyumba yopanda mawu. Kenako tsiku lina mlamu wanga anandiimitsa pamsewu n'kundiuza kuti mlongo wake wachira, akulima, akuimbanso m'kwaya. Anandiuza akuyang'ana kumbali, ndipo ndinamva chimene sananene: wachira chifukwa wachoka m'nyumba mwanu.

Nditapatsidwa tchuthi ndinanyamuka kukamutenga. Munthu supita kwa apongozi chimanjamanja. Ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka ndinapeza paketi ya shuga, ndipo wophika makeke anandipatsa chitini cha jamu chosatsegula. Ndinazikulunga bwino m'malaya anga atsopano. Ulendo wonse, pasitima ndi pabasi, ndinkazigwiragwira kuti ndione ngati zilipo.

Ndinamupeza akuchokera kumunda, khasu lili paphewa. Anali wochepa thupi koma maso ali gwa, akuona. Anandipatsa moni mwaulemu, atagwada patali, ngati mlendo wa boma. Abale ake anandiyalira mphasa pansi pa mtengo, kutali ndi khitchini, ndipo ndinaona kuti ana akuletsedwa kundiyandikira. Iwo anali atagamula kale kuti ndine ndinamudyetsa mankhwala kuti ndikwezedwe pantchito. Nditamasula mphatso zanga n'kuziika pamphasa, mkazi wanga anaziyang'ana, kenako anaseka. Kunali kuseka kwake kwakale kuja, kwa pamsika, kumene ndinali ndisanakumve nthawi yaitali.

"Atate ake mwana, mwayenda ulendo wonsewu kudzandimaliza?"

Sindinamve chimene akutanthauza. Anakhala pansi n'kundifotokozera. Atafika kumudzi analibe choti n'kudya koma za kumudzi: mgaiwa pang'ono, nyemba, nkhwani wotendera, therere. Masabata oyamba ankalira usiku ndi usana kufuna zotsekemera, mpaka ankatafuna misinde ya chimanga. Kenako mutu unayamba kupepuka. Koma zilonda za pamsana zinkakanabe kupola, ndipo ndizo zinamupititsa kuchipatala cha mishoni.

"Asisitere anandiuza kuti ndikodzere m'kabotolo. Atapima anandifunsa kuti, mayi, kodi mumadya chiyani? Nditawafotokozera za chitini chanu anagwira pakamwa. Akuti matendawa mwina ndinabadwa nayo mbewu yake, koma inu munkathira palafini pamoto. Akuti shuga akachuluka m'magazi munthu amakwiya, amaiwala, amalira popanda womumenya. Nyerere zija, atate ake mwana, zinkangofuna shuga. Nyerere zinadziwa. Anthu a m'Libuyu monse, ndi mabaibulo awo, ndi makadi awo a chipani, ndi inu ndi sukulu yanu, munapambanidwa ndi nyerere."

Anali kumwa timapiritsi, ndipo anati masiku ena zimamuvutabe. Ndinamuuza kuti chitini ndichitaya, kuti tidzalima ndiwo kuseri kwa nyumba, kuti azidya ndi ife mbale imodzi. Ndinalankhula zambiri. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva," anatero. "Sindikuti munandilodza, ngakhale awa akutero. Munkandipatsa chimene munali nacho. Koma kumene kuja ndinavula pamsewu. Ndibwerere ndikagulitse tomato kwa anthu amene analumpha mkodzo wanga? Ndikadzakweza mawu pang'ono, ngakhale pa chifukwa chenicheni, adzati zayambanso. Inunso mudzatero. Mudzandiyang'ana m'maso kufuna kuona ngati ndine kapena ndi shuga. Kuno ndikakwiya amati ndakwiya."

Ngakhale pamene ankalankhula ndinali kumuyang'ana m'maso momwemo.

Paketi ya shuga anapatsa azakhali ake ophika kachasu. Jamu palibe anafuna kumutsegula. Ndinagona masiku owerengeka m'kanyumba ka alendo, n'kubwerera ndekha. Sanabwerenso ku Livingstone. Anakhala zaka zingapo, ndipo maso ndiwo anayamba kumusiya, kenako impso, mpaka anamwalira. Mwana wathu anabwera kwa ine atakula kale, kudzafuna ntchito, ndipo ana ake ndi amene akundisunga lero.

Matendawa anandipeza nanenso ndili wokalamba, ndipo ndi pamene ndinadziwa chimene chinkamugwira. Sichifanana ndi mkwiyo wamba. Mkwiyo wamba uli ndi mwini wake, umadziwa amene wakulakwira. Ichi chimayamba m'manja ndi m'mawondo, n'kukwera, ndipo chikafika kumutu chimafuna munthu aliyense amene ali pafupi. Ndikadya mosasamala chimabwera ndi ludzu ndi kulemera kwa mutu. Ndikamwa mapiritsi n'kuchedwa kudya chimabwera ndi thukuta ndi kunjenjemera. Tsiku lina ndinatukwana mdzukulu wanga chifukwa chosuntha wailesi. Iye sanaitane akulu a mpingo. Anangoti, "Agogo, shuga yanu iyo," n'kundibweretsera chakudya, ndipo posakhalitsa ndinali munthu. Mawu ochepa ngati amenewo ndi amene anasowa m'komboni monse, pakati pa anthu onse aja odziwa kulankhula.

Nditabwerera kuntchito kuchokera kumudzi kuja, chitini ndinachipeza pamsomali pake pafupi ndi sinki. Nditachitsegula fungo linandimenya, ndipo ndinathamangira kunja kukasanza m'ngalande. Pa nthawi yopuma ndinauza anzanga a kusinki zonse zimene asisitere ananena. Anandimvetsera akupala mbale.

"Shuga?" anatero mmodzi. "Ba mudala, sukulu yamiononga. Iyo ni matenda ya ku Highlands. Ise tilibe na ndalama yodwalila shuga."

Onse anaseka. Panali mwamuna wina amene anangolowa kumene ntchito, wochokera kumadzulo, atangokwatira. Anandifunsa mwaulemu ngati chitini sindikuchifunanso. Ndinamuuza kuti ndi poizoni, kuti mkazi wanga chinamuchotsa m'nyumba. Anagwedeza mutu ngati wamva chisoni. Poweruka ndinamuona pageti akuchikoleka pa handulo ya njinga yake, atachitsuka bwino, chodzaza mpaka pakamwa.